Mizere ya Kuseri kwa Chitseko

Ntchito yanga ku Joni inali yofufuta anthu m'nyumba zawo. Ndikanena choncho kuno ku Utale, azimayi anzanga amayang'anana ngati ndaulula za ufiti, ndiye ndimayamba kufotokoza. Kumeneko munthu akafuna kugulitsa nyumba saigulitsa momwe ilili. Amaitana anthu ngati ife. Timalowa ndi ndowa, penti ndi makatoni, n'kuchotsa chilichonse chosonyeza kuti munkakhala anthu: zithunzi za ukwati, fungo la galu, mafuta a pakhoma la kukhitchini, ngakhale msomali umene bambo ankakolekapo chipewa. Tikamatuluka, nyumba imaoneka ngati chiimangire simunakanganemo munthu. Ndinaigwira ntchito imeneyi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo sikudzitama ayi, ndinkaitha.

Ndinachoka kuno mwana wanga Yankho ali ndi zaka zinayi. Bambo ake anali atapita ku Chilwa kukaoda nsomba, n'kukaodako mkazi wina, osabweranso. Chimanga chinali chitapserera zaka ziwiri zotsatizana. Mwanayo ndinamusiya m'manja mwa achemwali anga a Felesiya, amene ndinawaponda pamutu, munthu wa pakamwa powawa koma wa manja ofewa. Iwo anali ataika ana awiri kumanda ndipo sanaberekenso.

Tili pa ulendo wopita kokwerera basi ku Balaka ndinawauza kuti, "Chaka chimodzi chokha, achemwali. Ndikakakhazikika ndidzabwera kudzamutenga."

"Pita," anatero. "Mwana sadzagona ndi njala. Koma ukakakhalitsa, usadzadabwe akadzakufunsa kuti mayi inu ndinu a kuti."

Pa depoti Yankho anagwira chitenje changa ndi manja onse awiri. A Felesiya anamugulira filizesi, n'kumutembenuza kuti aone njinga imene inamangidwa nkhuku mpaka pa handulo. Ine ndinakwera mozemba. Ndinamuthawa mwana wanga ngati wakuba, ndipo mpaka lero filizesi sindimwa.

Amene anandilandira ku Joni ndi Abiti Saidi, mayi wa Chisilamu wa ku Ntaja, ku Machinga. Sitinkadziwana n'komwe. Nambala yawo anandipatsa ndi dalaivala wa basi ataona kuti munthu amene ndimati andichingamira sakuyankha foni. Anabwera atavala mpango wawo, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunyamula chikwama changa osafunsa zambiri. Ndinkagona pansi pakati pa bedi lawo ndi chitseko, ndipo m'mawa uliwonse akamadzuka kukaswali ankandilumpha.

"Kuno kulibe Myao, kulibe Mlomwe, amake Yankho," anandiuza tsiku loyamba. "Kuno tonse amatitchula dzina limodzi, ndipo si lokoma. Ndiye idyani, mawa tikakufunireni ntchito."

Abiti ankagwira ntchito kwa madamu wina wachizungu, mayi wa imvi, wosuta fodya ngati ng'anjo ya njerwa, amene ankalembedwa ndi ogulitsa nyumba kuti azizikonza zisanaonetsedwe. Kumeneko nyumba amaonetsa Lamulungu masana, ndiye Loweruka linali tsiku la thukuta. Ine ndinayamba Loweruka, ndipo tsiku lomwelo ndinatsala pang'ono kubwerera ku Utale wapansi.

Madamu anandisiya panja pa nyumba ina yaikulu imene eni ake anali atasamuka kale, n'kundiuza m'Chingerezi kuti ndiyeretse pabwalo. Chingerezi changa chinali cha sitandade sikisi, koma mawu amenewo ndinawamva. Iwo anapita ndi Abiti kukatenga makatani. Ndinayang'ana pabwalopo: udzu kuyambira pageti mpaka pakhonde, wina utatalika. Ndinawamvera chisoni eni nyumba. Kwathu pakhomo pomera udzu mpaka pakhonde ndi pakhomo pa mlesi kapena pa wodwala, ndipo njoka sizichedwa. Ndinapeza fosholo ndi kakhasu ka m'maluwa, ndinamanga chitenje m'chiuno, n'kuyamba kupala. Pofika masana bwalo lonse linali mbee, dothi lofiira lokhalokha. Ndinawaza madzi, ndinasesa bwinobwino mpaka tsache linasiya mizere yake yokhotakhota ija, n'kukhala pakhonde kudikira kuyamikiridwa.

Madamu atatsika m'galimoto, makiyi anagwa m'manja. Anakhala pansi pomwepo pageti.

"Subhanallah," anatero Abiti. "Amake Yankho, mwachita chiyani?"

"Ndasesa."

"Mwasesa? Udzu umenewu amachita kugula, mayi inu. Amaugula poyeza, ngati nsalu."

Ndinaganiza za Yankho, ndinaganiza za pakamwa pa a Felesiya. Koma Abiti anagwada pafupi ndi madamu n'kuyamba kuwafotokozera za kwathu, za njoka, za ulesi, za momwe mkazi amadziwikira ndi bwalo lake. Ndinaona mapewa a madamu akugwedezeka, ndinayesa akulira. Anali akuseka, mpaka anatsamwa ndi utsi wa fodya wawo. Anaimba foni, ndipo panabwera lole itanyamula kapinga wokulungidwa ngati mphasa. Tinamuyala atatu mpaka dzuwa kupendeka. Pomaliza madamu anauza Abiti kuti andiuze kuti munthu wotha kupala bwalo lonse lija m'mawa umodzi ndi kakhasu ka maluwa sachotsedwa ntchito, angophunzira kufunsa. Safunsa anadya phula. Ine ndinadya kapinga, ndipo Abiti anandiseka nazo zaka zonse.

Kuyambira pamenepo ndinaphunzira mabodza onse a ntchitoyo. Matawulo oyera amene palibe amaloledwa kupukutira. Mbale ya mandimu patebulo. Buledi mu uvuni kuti nyumba inunkhire ngati muli mayi. Bedi limene pansi pake ndi makatoni, pamwamba zofunda zokongola, ndipo bambo wina wofuna kugula analikhalira n'kupezeka miyendo ili m'mwamba. Madamu ankati wogula asaone moyo wa mwini nyumba, aone moyo wake umene akuulota. Ankatinso munthu amayamba wagula msewu, nyumba imabwera pambuyo. Nyumba yokongola pamsewu woipa tinkaivutikira pachabe.

Mawu amenewo ndinawamvetsa itafika nthawi yofuna chipinda changa. Mwana wa Abiti anali kubwera kuchokera ku Ntaja, ndipo pansi paja panafunika mwini wake. Ine ndinali nditapeza kale kachipinda kotchipa m'nyumba yosanja ya m'tauni, momwe anthu ankagawana chipinda ndi makatani. Abiti atakaona anangoti, "Iyayi."

"Koma n'kotchipa."

"Manda nawonso ndi otchipa. Simunati mukufuna kudzatenga mwana? Ndiye tisankhire mwanayo, osati inu."

Anandiyendetsa madera anayi, ndipo sitinkayamba ndi kulowa m'nyumba. Tinkafika m'mamawa n'kuima pakona ngati anthu osowa chochita. Iwo ankati ndiyang'ane ana a sukulu, ngati akuyenda okha kapena aliyense wagwidwa padzanja. Ankati ndiyang'ane zingwe zoyanikapo zovala: zovala zikakhala pachingwe popanda munthu wozilondera, ndiye kuti msewuwo uli ndi manyazi. Ankandituma kupereka moni kwa azimayi achikulire atatu, ndipo awiri akapanda kuyankha tinkakwera teksi n'kumapita. Za madzi ndi magetsi sankafunsa mwini nyumba, ankafunsa wogulitsa tomato pakona, chifukwa iyeyo alibe chipinda choti akukakamize. Ndipo kuntchito kuzifika ndi teksi imodzi, osati ziwiri. Ine ndinkatopa n'kumang'ung'udza kuti tikufuna chipinda kapena tikufunsira mbeta. Iwo ankati n'chimodzimodzi.

Tinapeza chipinda cha kuseri kwa nyumba ya mayi wina wamasiye wa Chizulu, kumwera kwa mzinda. Kumapeto kwa msewu kunali sukulu ya pulayimale, pabwalo panali mtengo wa mapichesi, ndipo azimayi onse atatu anayankha moni, wachitatuyo mpaka anandifunsa ngati ndadya. Mwezi womwewo ndinagula kamatiresi kakang'ono n'kukaimika kukhoma kudikira Yankho. M'mawa uliwonse popita kokwerera teksi ndinkayenda pakati pa ana a eni, n'kumasankha amene ndimaganiza kuti ndi msinkhu wake.

Chaka chimodzi chija chinakhala ziwiri. Masiku a mu pasipoti anali atatha, ndipo aliyense ankadziwa kuti ukatuluka choncho kubwereranso n'kovuta. Kenako inafika nyengo ija imene anyamata ankayenda m'magulu kufunafuna alendo khomo ndi khomo. Tsiku lina masana anafika mumsewu wathu. Ine ndinali m'chipinda nditatseka, ndikupemphera pemphero lopanda mutu. Mayi mwini nyumba uja anavala yunifomu yake ya kumpingo n'kukaima pageti. Ndinawamva akunena kuti m'nyumba muno muli ana anga okhaokha, wofuna kulowa ayambe wandiponda ine. Mageti ena anatseguka, azimayi ndi azibambo a mumsewuwo anatuluka n'kungoima, osalankhula. Anyamata aja anadutsa.

Tsiku limenelo ndinadziwa kuti Abiti anandisankhira bwino, ndipo ndidzawathokoza mpaka kufa, iwo ndi mayi wa yunifomu uja. Koma tsiku lomwelo ndinadziwanso kuti Yankho sindimubweretsa. Kamatiresi kaja sindinakagulitse. Kanangokhala kukhoma, ndinkayanikapo thawulo.

Patapita miyezi tinapita kukakonza nyumba ya bambo wina wokalamba amene mkazi wake anali atamwalira, ndipo ana ake ankamusamutsira kosungira okalamba. Pa felemu la chitseko cha kukhitchini panali timizere ta pensulo tambirimbiri, kuyambira m'mawondo mwanga mpaka kupitirira mutu, tili ndi mayina m'mbali. Zoterezi ndinali nditaziona kale m'nyumba zina, ndinkayesa ndi ana osamva amene amalemba pakhoma. Nditaviika burashi, ndinaona bamboyo ataima kumbuyo kwanga. Phunziro la kapinga linandikumbutsa kufunsa.

Anandiuza kuti chaka chilichonse, tsiku lobadwa la mwana, mkazi wake ankamuimika pamenepo, kumuika buku pamutu, n'kulemba pamene walekeza. Anawerama movutikira n'kukhudza kamzere ka pansi penipeni. Anati uyu tsopano ndi dokotala kutsidya kwa nyanja, amaimba foni pa Khirisimasi. Kenako anandigwira paphewa n'kunena kuti penta, mwana wanga, ogula sakufuna ana anga.

Ndinapenta. Pensulo ndi yamakani, imatulukira pansi pa penti, ndiye ndinapaka katatu. Ndikupaka choncho ndinazindikira kuti bambo ameneyu, ngakhale ana anamuthawa, ankadziwa msinkhu wa aliyense chaka ndi chaka. Ine wanga sindinkadziwa ngati wafika m'chiuno mwanga kapena pachifuwa. Zithunzi zinkabwera mwa apo ndi apo kudzera pa foni ya aphunzitsi ena a kwathu, koma chithunzi sichinena msinkhu.

Lamulungu lotsatira ndinawaimbira a Felesiya. Iwo anali atasamukira m'nyumba imene bambo athu anatisiyira, imene ndinkatumiza ndalama zoikonzera.

"Achemwali, ndikupempheni kanthu. Mumuimike Yankho kuchitseko, muike chizindikiro pamene mutu wake walekeza. Muzitero chaka chilichonse, ndidzaone."



"Wati ndimuyeze?"

"Eya, kuno amatero. Si kanthu koopsa."

"Iwe, Joni yakuzunguza mutu? Munthu wamoyo amayezedwa? Bango lalowa m'nyumba mwanga kawiri, ndiye ukufuna ndiliitane ndekha kachitatu? Usandilaule."

Anadula. Ndinakhala pabedi foni ili m'manja, manyazi atandigwira. Kwathu munthu akamwalira, adzukulu amadula bango lofanana ndi msinkhu wake n'kupita nalo kumanda kuti dzenje likwane. Zimenezi ndinakula ndikuzidziwa, ndipo pa maliro a ana awo onse awiri ndinalipo. Zaka zochepa za kupenta nyumba za eni zinali zitandiiwalitsa. Koma ine ndi munthu wa mtima wapachala, manyazi anga sachedwa kusanduka mkwiyo. Ndinayamba kunena ndekha kuti mwanayo ndi wanga, ndinamubereka ndine, iwo akundikaniza ndani. Tinakhala miyezi iwiri osalankhulana. Titayambanso, nkhaniyo palibe anaitchula. Za nsapato zokha ankanditumizira kachingwe koyeza phazi kudzera kwa madalaivala, ati phazi si munthu.

Zaka zinapita. Nyumba zinkagulidwa, ine ndinkapenta mizere ya ana a eni, katatu katatu. Kumudzi denga linasintha kukhala la malata, pansi anaika simenti, Yankho sanagonepo ndi njala ndipo sukulu sanajombe. Koma mafoni athu ankafupika. Ndikamufunsa za sukulu ankati bwino, za anzake ankati alipo. Tsiku lina anayankha foni iyeyo, ndipo ndinamumva akuitana chapatali kuti, "Amayi, a ku Joni aja akufuna alankhule nanu." Kwathu mchemwali wa mayi ako ndi mayi ako, zimenezo sindinkatsutsa. Chimene chinandilasa n'chakuti ine ndinalibenso dzina, ndinali a ku Joni aja. Ndinalira mpaka Abiti anabwera ndi tiyi wa tsabola n'kundikalipira kuti misozi siimanga nyumba.

Tsiku lina Lachitatu, ndili pamakwerero ndikupachika makatani, a Felesiya anaimba okha, chinthu chimene sankachita.

"Mwana wakula," anatero. "Azimayi a kumpingo akufuna kumulangiza mwezi wa mawa. Afunsa kuti pamphasa pakhala ndani ngati mayi wake."

"Ndiye mwawayankha chiyani?"

"Sindinawayankhe. Ndikufunsa iwe."

Ndinatsika pamakwerero paja n'kuwauza madamu kuti ndikupita kwathu, ndipo sindibweranso. Anazimitsa fodya wawo, chinthu chimenenso sankachita. Tsiku lonyamuka anandipatsa mabulangete, makatani otsala ku nyumba zina, ndi chitini cha penti woyera ndi maburashi awiri, ati ndisakapale kapinga wa anthu ku Malawi. Mayi mwini nyumba anandipempherera m'Chizulu atandigwira mutu. Kamatiresi ndinakasiyira mdzukulu wake. Abiti anandiperekeza mpaka pabasi, atanyamula chikwama chomwe chija.

"Mukakafika musakathamange, amake Yankho," anatero. "Mwana ali ngati msewu. Mumayamba mwaima pakona n'kuyang'ana. Insha Allah, adzakuyankhani moni."

Ndinatsika ku Balaka n'kukwera njinga yamoto, katundu akubwera pambuyo. Nyumba ndinaiona ndili patali, yoyera mbee. A Felesiya anali ataipaka laimu mkati ndi kunja. Nditalowa ndinaima kakasi. Zovala zawo anali atachotsa, kalendala ya kumpingo anali atachotsa, mabuku a Yankho kunalibe. Patebulo panali nsalu yoluka ndi maluwa a pulasitiki. Munalibe fungo la utsi, la sopo, ngakhale la munthu. Iwo ankati akundilemekeza, anabwerera ku kanyumba kawo kakale kuti mwini wake apeze malo. Koma ine ntchito imeneyi ndinkaidziwa. Anali ataikonza nyumba yanga ngati yogulitsa, ndipo wogula ndinali ine.

Kenako panalowa mtsikana wamtali, woonda, wa maso a bambo ake. Anagwada patali, pafupi ndi khomo, momwe amagwadira kwa alendo.

"Mwayenda bwanji, amayi a ku Joni?"

Ndinayankha kuti ndayenda bwino. Manja anga anali atatambasuka kale, ndiye ndinawabweza n'kuyamba kukonza nsalu ya patebulo imene inali yokonzeka kale.

Masiku anayi anapita choncho. Yankho ankanditengera madzi osamba, ankandipatsira chakudya atagwada, akatha ankathamangira kwa a Felesiya, komwe ndinkamva akuseka. Ndinayesa kuima pakona monga ananenera Abiti, koma ine kudekha si mbali yanga. Nditasowa pogwira ndinayamba kuona zolakwika m'nyumba. Laimu anapaka mothamanga. Windo lina linali lopendekeka. Koma chimene chinandipsetsa mtima ndi chitseko cha kuchipinda. Chinali chakale chija cha bambo athu, cha matabwa a mlombwa, chakuda ndi utsi, chimene ndinatumiza ndalama kawiri konse kuti achisinthe. Chinkakhala chotsegula nthawi zonse, chotsamira kukhoma, atachitchinga ndi mwala.

Tsiku lachisanu m'mawa ndinatsegula chitini cha madamu chija. Ndinati ngati sanachisinthe, ndichipenta ndekha, alendo a chilangizo asadzaone manyazi amenewa. Ndinayala manyuzipepala pansi, ndinachotsa mwala, n'kuviika burashi. Yankho analowa ndi ndowa pamutu.

"Iyayi!" anakuwa. Ndowa inatsala pang'ono kugwa. "Musapente chimenecho."

Aka kanali koyamba kundilankhula osagwada. Anatula ndowa, anadutsa pafupi nane n'kukankha chitseko kuti chitsekeke, ndipo tinatsala awiri m'chipindamo tikuyang'ana kuseri kwake.

Panali mizere. Osati ya pensulo, koma yokanda ndi msomali, yozama, umodzi pamwamba pa unzake. Wapansi unali m'chiuno mwanga. Ndinaiwerenga ndi chala, burashi ikudontha penti pa chitenje changa. Chaka chilichonse chiyambire foni ija chinalipo.

A Felesiya anali atamva kukuwa. Anakankha chitseko, analowa n'kuchitsekanso, manja ali ndi madeya. Anayang'ana burashi, anayang'ana ine.

"Ndinadziwa," anatero. "Masiku asanu okha wayamba kale kufufuta."

"Achemwali, si munakana?"

"Ndinakana, inde. Sabata yathunthu sindinagone. Kenako ndinaganiza kuti bango limayeza munthu atagona, ndipo limamuyeza kamodzi. Woyezedwa chiimire, chaka ndi chaka, ndiye kuti akukula. Komabe ndinkayamba ndamugirigisha, aziseka, kuti wakumva amve kuti muno mulibe maliro."

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Kuti uziti unapambana?"

Ndinaika burashi pansi n'kuyang'ananso chitseko. Ndili choncho ndinaona kuti chapamwamba, pambali pa mizere ina ija, pali inanso itatu, yaitali kuposa inzake. Wapamwamba penipeni unali pafupi ndi nsonga ya chitseko. Ndinafunsa kuti nanga iyi ndi ya yani.

A Felesiya anayamba kupukuta madeya m'manja, osandiyang'ana. Anayankha ndi Yankho.

"Ndi yanu. Ndinkafunsa kuti amayi anga ndi aatali bwanji. Ndiye amayi aakulu anakanda uwu, anati ndikadzafika pamenepa mubwera." Analoza wapansi mwa itatuyo. "Nditatsala pang'ono kufika anakanda wina. Anati mwatalika, ku Joni mukudya bwino. Kenako winanso."

"Nanga ndikanatani?" anatero a Felesiya mokalipa, misozi ili m'masaya. "Mwana akukula ngati nsungwi, iwe osabwera. Akanafika pamzere n'kupeza palibe munthu, ndikanamuuza chiyani? Wachitatuwo ndinachita kukwera pampando."

Ndakhala ndikuthokoza anthu ambiri pa moyo wanga. Madamu amene anaseka m'malo mondichotsa, mayi wa yunifomu amene anaima pageti, Abiti amene ananyamula chikwama cha mlendo. Koma mayi uyu, amene anaika ana ake awiri m'manda, analera wanga zaka zisanu ndi zinayi, ndipo mwanayo akanatha kukhala wake kotheratu popanda womutsutsa. M'malo mwake ankakwera pampando ndi msomali kundisungira malo. Ndinagwada pansi pa simenti, pa manyuzipepala paja, n'kuwagwira miyendo. Anandikankha ndi bondo n'kunena kuti ndidzuke, ndikuwapaka penti.

Nditadzuka, Yankho anali akundiyang'ana, kenako akuyang'ana chitseko, ngati munthu amene akuwerengera kanthu.

"Taimani apa," anatero.

Ndinatsamira chitseko, zidendene kumatabwa, momwe bambo wokalamba uja anandifotokozera. Anabwera pafupi kwambiri mpaka ndinamva fungo la sopo m'tsitsi lake. Maso ake anali pafupifupi pa maso anga. Anaika dzanja pamutu panga n'kuyang'ana m'mwamba, komwe mizere iwiri yapamwamba ija inali kutali, woyamba wokha ndi umene ndinaudutsa.

"Amayi, mwafupika," anatero.

Ndinadikira kuti amalize, anene kuti a ku Joni. Sananene. A Felesiya anapisa dzanja pamwamba pa felemu, anatulutsa msomali wadzimbiri n'kumupatsa, kenako anandigirigisha m'nthiti ndi chala chawo cholimba chija mpaka ndinaseka ndikulira.

"Musasunthe, amayi," anatero Yankho, msomali uli pamutu panga.

Sindinasunthe. Mpaka lero sindinasunthenso.